Marefarensi Ogula pa Balaka

Panali bambo wina, mlangizi wa za usodzi kunyanja ya Chiuta, dzina lake Zubairu. Amene anandiuza nkhaniyi amagwira naye ntchito, ndipo akuti ndi yoona.

Zubairu ankachita digiri yachiwiri uku akugwira ntchito. Kuyunivesite kwawoko lamulo linali lakuti munthu salandira digiri mpaka kafukufuku wake atavomerezedwa m'magazini ya akatswiri. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza. Akaphonya, dzina lake lifufutidwa.

Kafukufuku anali naye, wabwinonso. Anapsa ndi dzuwa m'madoko akufunsa amayi oyanika nsomba chifukwa chimene nsomba zambiri zimawolera nthawi ya dzinja. Chimene chinamusowetsa mtendere ndi marefarensi, uja mndandanda wa kumapeto wosonyeza mabuku amene wolemba watengamo nzeru. Mkonzi wa magaziniyo anamubwezera pepala lake, akuti mayina sanasanjidwe bwino, zaka zikusowa, ndipo mfundo zina sizikusonyeza kumene zachokera.

Zubairu anaimbira mayi Chrissie, mphunzitsi amene ankamuyang'anira pa kafukufukuyo.

"Mayi, nthawi yandithera. Nditani ine?"

"Khalani pansi mukonze nokha, limodzilimodzi," anatero mayiwo. "Buku limene simunalitsegule musalitchule. Zimene munamva kwa asodzi, lembani kuti munamva kwa asodzi. Palibe chamanyazi pamenepo."

Anavomera pakamwa pokha. Kwa iye, kulemba kuti anamuuza ndi amayi a padoko kunkaoneka kwachimidzi. Komanso netiweki ya ku Chiuta, kuti buku limodzi litseguke pa foni umayamba wakwera pachulu. Uku kunyumba mkazi wake Fadila anali atasankha kale chitenje choti abale onse asoketse cha tsiku lolandira digiri. Zubairu anayamba kuwonda.

Tsiku lina m'minibasi yopita ku Liwonde, anadandaulira munthu amene anakhala naye mpando umodzi. Munthuyo anali wa tayi ndi pakamwa potsekemera, dzina lake Dave.

"Marefarensi okha? Bwana, imeneyo ndiye ntchito yanga. Ndili ndi kashopu kotayipira makalata pa Balaka, kufupi ndi siteshoni. Mubweretse, mawa lake mudzatenge."

Zubairu anamva ngati watula thumba la chimanga. Anakasiya fulashi yake, momwe anasungamo pepala lija, osafunsa kanthu.

Atabwerera, anapeza zinthu zokongola zedi. Mayina ali pamzere, zaka zili m'malo mwake. Mfundo zonse zimene anamva kwa amayi aja tsopano zinali ndi dzina la katswiri pambali pake. Ambiri mwa mayinawo anali asanawamvepo.

"Nanga awa mwawapeza kuti?"

"Kompyuta imadziwa, bwana. Inu ingotumizani."

Mawu a mayi Chrissie anamubwerera, koma tsiku lomaliza kutumiza linali lomwelo. Anatumiza ali chiimire m'kashopumo.

Chimene Zubairu anaiwala n'chakuti akonzi a magazini zotere akafuna munthu woti aunike pepala, kawirikawiri amayang'ana m'marefarensi momwemo, n'kusankha katswiri amene watchulidwa kwambiri. Kompyuta ya Dave inali itakondetsa dzina la pulofesa wina wachikulire. Pepala linapita kwa pulofesayo.

Yankho linamupeza Zubairu ali padoko. Analiwerenga pa foni.

"Wolembayu wanditchula m'malo angapo," analemba motero pulofesayo. "Mapepala amene akuti ndinalembawo kulibe. Lina akuti ndinalemba za Chiuta, pamene ine ku Chiuta sindinapondeko. Ngati mabuku ndi opeka, tikhulupirira bwanji kuti amayi amene akuti anawafunsawo alipodi?"

Zubairu anadzutsa mutu. Amayiwo anali pomwepo kutsogolo kwake, akutembenuza nsomba pathandala. Mmodzi anamukwezera dzanja.

"Alangizi, zimene tinakuuzani zija zinatuluka?"

Zubairu anakaima kuseri kwa bwato n'kuimbira mayi Chrissie.

"Mayi, chonde, ndigwireni dzanja. Kafukufukuyo ndi wanga, Mulungu ndi mboni. Ndikonza zonse, ndikufuna sabata imodzi yokha."

"Mkonzi walembera kale akuluakulu a yunivesite," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Nanenso andiitana, chifukwa dzina langa lili papepala lomwelo. Munawatsegula mabuku aja, a Zubairu?"



M'mawa mwake Zubairu anakwera minibasi ya ku Balaka. Dave sanathawe ayi, anamupeza akutayipira munthu wina kalata, akuimba mluzu.

"Mwandipha, achimwene. Mabuku aja ndi abodza."

"Abodza bwanji? Inu munati mipata itsekedwe, zioneke bwino. Sizinaoneke bwino?"

"Tiyeni mukawafotokozere akuluakulu kuti munaika ndinu."

Dave anaseka. "Papepalapo pali dzina la ndani, bwana? Langa?"

Zubairu anakagwada pamaso pa komiti ya yunivesite, bambo wamkulu misozi ili mbwembwembwe. Anapita ndi makope ake onse a m'madoko, onunkha nsomba. A komitiyo anamumvera chisoni, koma anamuchotsa sukulu. Kafukufuku woona uja anatayidwa limodzi ndi mabodza a Dave.

Atafika kunyumba, anapeza Fadila wavala diresi la chitenje chija, telala atangolibweretsa kumene, akudzitembenuza kuti mwamuna wake aone.

"Nanga inu malaya anu mukayeza liti?" anafunsa Fadila.

Zubairu anakhala pansi pakhonde, n'kugwira mutu.

Phunziro: Usatchule buku limene sunaliwerenge, ndipo ntchito yokhala ndi dzina lako usaisiye m'manja mwa munthu wokumana naye m'minibasi. Zimene wamva kwa anthu wamba, nena kuti wamva kwa iwo, chifukwa bodza limodzi limaphetsa zoona zonse zimene wavutikira. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense amene akulemba kafukufuku nthawi isanamuthere.