Bulugamu ku Msitu wa Makolo

Chiyambireni makina kuyang'anira msitu wa makolo, wolowamo amadinda chala pachipata. Nangondo anadinda, atasiya mwana wake Tiyese akutsegula m'mimba kunyumba. Ankafuna khungwa la mtengo wamankhwala wa muwawani, umene unkamera pafupi ndi manda. Anazungulira mpaka dzuwa kufika paliwombo, koma ponseponse panali bulugamu yekhayekha, m'mizere ngati chimanga.

Atabwerera, mwamuna wake anamuonetsa foni monyadira. "Makina akuti mitengo yachuluka kawiri, amake Tiyese. Akuluakulu amene ankayang'anira msitu kale aja ankangoletsa nkhwangwa, osabzala kanthu."

"Ankaletsa nkhwangwa, msitu n'kumadzibzala wokha," anatero Nangondo, akumuponyera masamba a bulugamu pamiyendo. "Mwana akudwala m'nyumbamu. Afunseni makina anuwo kuti mwa mitengo yawo yochulukayo, tim'mwetse uti."