Amene Anaitana Helikopita

Madzi a tiyi anali asanawire pamene Murray anaona kanyali kakuphethira pansi pa jekete la Tipene. Kanali kachipangizo koitanira opulumutsa anthu m'mapiri, ndipo kanali katadinidwa kale.

"Wachita chiyani iwe?"

Tipene anangokhala pamwala atatsamira chikwama chake, maso ali pamtsinje umene unkalirima ndi madzi otuwa, ozizira koopsa.

Awiriwa anali atautsata mtsinjewo sabata yonse, ndipo mpata wa phiri pamene umayambira unkaonekera poteropo. Chaka chimenecho Murray anapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha: akaponde pampatapo komaliza madokotala asanamung'ambe pachifuwa. Za matenda ake a mtimawo sanauze mkazi wake kapena ana, poopa kuti amuletsa ulendo. Anauza Tipene yekha, mnzake wa kuubwana, atamulumbiritsa.

Tsopano zonse zinamveka. Kuyambira dzulo Tipene ankayenda mozengereza, kupuma pachitunda chilichonse, ngakhale kumusiyira buledi wake wa masana. Murray ankathokoza Mulungu chamumtima chifukwa cha mnzake wotere. Kani munthuyo ankamulera ngati khanda, akudikira pomuperekera!

"Unalumbira, Tipene. Tikamawoloka mitsinje, amaima kumtunda kukutchingira madzi ndani? Si ine? Ndadandaula? Ndagwa? Lero wandisandutsa thumba loti anthu adzatole!"

"Thira tiyi, mdala," anatero Tipene motsitsa mawu. "Ukulongolola ngati wailesi."

"Umwe wekha."

Murray anamufulatira. Anayesa kupemphera, koma mawu anakana. Anangoima akuyang'ana mpata uja mpaka maso anachita nkhungu.

Helikopita inatulukira kumunsi kwa chigwa, nitera pamiyala ya m'mbali mwa mtsinje. Mphepo yake inazimitsa moto. Mayi wovala zofiira anatsika, nathamanga chowerama, chikwama cha mankhwala chili m'manja.

"Wodwala ndi uti?"

Murray anayamba kukweza dzanja.

"Ndine, mayi," anatero Tipene, milomo itatuwa. "Pachifuwa pakundifinya kuyambira dzulo, ndipo mkono uwu wachita dzanzi. Mdala uyu musiyeni, alibe vuto. Ali ndi phiri loti akwere."