Mbale ya Basílio

Serafina anamaliza mbatata za m'mbale yake, kenaka anakokera pafupi mbale ya mwamuna wake. Panali patatha miyezi isanu asilikali atamutenga Basílio kuti akawasenzere katundu mpaka ku Furancungo, koma iye ankaphikabe za anthu awiri.

Mlamu wake Lucinda anayala mizu pamphasa.

"Alamu, nkhondo ino anthu akugona ndi njala, inu mukudya mpaka kubanika. Wiritsani mizu iyi muzimwa, imapha njala."

Serafina anatenga mbatata ina m'mbale ya Basílio.

"Njala ndilibe, alamu. Kungoti mbaleyi ikakhala yodzaza, imandiuza kuti sabweranso."

Lucinda anayang'anitsitsa mbale ya mlongo wakeyo. Anakankhira mizu ija pambali, nasendera pafupi, n'kusamba m'manja.