Mzere Wobiriwira Pachala

Loweruka m'mawa, mwana wamkazi wa a Folomani anali pa mpopi, akuchapa maovololo a bambo ake. Bambowo amagwira ntchito ku fakitale kumene amanyika miyala mu asidi kuti mkuwa utuluke. Ndiye maovololowo ukangowaviika, madzi amasanduka obiriwira ngati a m'dziwe la achule. Loweruka lililonse ntchito yake inali yomweyi. Koma mphete ya chitomero sankaivula. Akaivula, anthu aona chiyani?

Azakhali ake anafika ndi ndowa, mwana wawo wamkazi ali pambuyo. Mukuwadziwa azakhali a mtundu uja, oti maso awo ndi sikelo.

"Tabwera nacho chalacho," anatero. "Vula."

Anavula. Pansi pa mphete panali mzere wobiriwira, kuzungulira chala chonse.

"Golide sadetsa chala, mwanawe. Uwu ndi mkuwa. Dalaivala wakoyo wangopinda waya wa magetsi n'kupukuta. Mwana wa munthu wa mkuwa, n'kukupusitsa ndi mkuwa womwewo?"

Amayi onse pa mpopi anafa nacho chiseko, wina mpaka kukhala pa ndowa.

Masana dalaivalayo atabwera kudzamutenga, mtsikanayo anamugenda nayo mphete pachifuwa. Mnyamata ati atsegule pakamwa, amayi aja anali atayamba kale kuimba kuti "Bwana Waya, Bwana Waya." Anangotembenuka n'kumapita. Mphete anatola ndi azakhali.

"Ndikakutayira kudzala, isakupwetekenso mtima."

Dzina lija linamukakamira mnyamata ngati nkhupakupa. Pasanathe milungu iwiri anasamuka, ukwati n'kufera pompo. Kudzala mphete sinafikeko ayi. Ankaivala ndi msuweni uja, usana ndi usiku.

"Poti ndi waya, amayi ati ndizingoseweretsa," ankatero.

Mwana wa a Folomani uja chala chinkamuchititsa manyazi, ndiye anagula kamphete kapulasitiki kofiira kuti atsekepo.

Patatha mwezi, Loweruka, ali pa maovololo omwe aja, kapulasitiki kanamuthina. Anakavula. Mzere wobiriwira uja uli pomwepo, watsopano, pansi pa pulasitiki.

Anayang'ana madzi a m'beseni. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Tandibwereka sopo," anatero msuweni wake, atatambasula dzanja. Mphete ya dalaivala ija inasendera ndi thovu.

Mwezi wathunthu akuivala, chala cha msuweniyo chinali mbee.