Filimu ya Chitseko Chobiriwira

Telala analowa m'kashopu ka mafilimu akale, tepi yoyezera idakali m'khosi.

"Ndikusaka filimu ina yankhondo, ndinaonera ndili mwana," anauza wogulitsa. "Asilikali akukhwekhwereza bambo wina pakhomo. Chitseko chake chobiriwira. Nsapato imodzi ikutsalira pakhonde."

Wogulitsa anatsitsa mafilimu angapo. "Zoterezi zilipo mbwee, achimwene. Munaonera kuti?"

"Amayi ankati kwa aneba. Anali atandibereka kumbuyo."

"China chimene mukukumbuka?"

"Fungo la tayala likupsa. Mpaka lero limanditsamwitsa."

Wogulitsa anayamba kubwezera mafilimu aja pashelefu, imodziimodzi, osafulumira.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "filimu sikhala ndi fungo."