Chipewa cha a Nebert

Esnati analowa mu situdiyo ya Dalton ku Old Town maso atatupa.

"Achimwene, akuti munajambula ukwati ku Area 10, kunyumba imene bambo anga, a Nebert, ankalondera. Tikuwaika mawa, ndiye tilibe chithunzi chawo."

Dalton anawakumbukira. Pojambula, a Nebert anakana kuima pakati pa mabwana, n'kukaima kumapeto kwenikweni, chipewa chili m'manja.

Tsiku la ukwatilo Dalton anali atalumikiza lenzi yakale, galasi lojambulira, ku kamera yatsopano ndi kachitsulo kotchedwa adaputa. Lenziyo inachepa, moti m'mphepete monse mwa zithunzi munada bii.

Dalton anatsegula chithunzi cha paukwaticho pa kompyuta. Mdima unali utawameza a Nebert, kungotsala dzanja ndi chipewa.

Esnati anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Chipewacho ndi chawodi," anatero. "Tsukani chomwecho."