Tsiku Limene Maselo Anafa

Mawazitheka anachotsa diso pa maikulosikopu, n'kulitikita, n'kuyang'ananso. Maselo anali atafa. Onse psiti!

M'timbale tisanu ndi kamodzi munali maselo a chotupa cha mu ubongo, othiridwa mankhwala a khansa amene iye ankawayesa. Maselo amoyo amamata pansi pa kambale. Awa ankangoyandama ngati fumbi.

Dzina lakelo sanalitole panjira. Zaka zitatu m'labotale muno, akafunsidwa za ntchito yankho linali lomwelo: "Mawa zitheka." Maselowo ankamwa mankhwala ake n'kumangonenepa. A Pulofesa, mkulu wa labotale, anafika potopa. Ananenetsa kuti Lachisanu likakwana popanda chooneka, iye atsikira kuchipinda chapansi kukayeza mikodzo. Munthu wa madigiri awiri, mikodzo! Ndiye lero linali Lachinayi.

Ulendo uno anadzipereka, abale inu. Maselo amasungidwa m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, ndipo iye sankatalikirana nayo. Ankatsegula, kutulutsa thireyi yonse, kuiika patebulo, kusuzumira timbale take kamodzikamodzi mosapupuluma, kenako kubweza. Tiyi asanazizire, uyo wabwereranso. Kambale kachisanu ndi chiwiri kokha, koyerekezera, kamene sanathiremo mankhwala, ndi kamene sankataya nako nthawi. Kankangotuluka ndi kulowa limodzi ndi tinzake. Akanaonamo chiyani?

Mayi a Makiyi, amene anayamba kusamala labotaleyi iye akadali pasukulu, ankangopukusa mutu.

"Achimwene, kabatiyo si zenera."

"Sayansi imafuna maso, mayi," ankayankha choncho, mapewa ali m'mwamba.

Lero nazo zipatso za masowo. Anaimbira foni mkazi wake.

"Amayi a mwana, sitani suti ija. Mwamuna wanu atuluka m'nyuzi."

Anaganizirako odwala amene ali kuwodi, ometedwa m'mutu, odikira mankhwala ngati awa, ndipo m'maso munabweradi misozi. Koma tinene chilungamo, odwalawo anabwera pachiwiri. Poyamba anadziona yekha pa nsanja akukana kuwomberedwa m'manja. Anayeserera ngakhale nkhope yodzichepetsa pagalasi la kabati lomwelo. Inamukhala bwino kwabasi.

A Pulofesa analowa akupukuta magalasi. Anawerama pa maikulosikopu, kambale koyamba, kachiwiri, mpaka kachisanu ndi chimodzi. Anaimba kaluzu.

"Aa! Afadi awa."

"Mwayi chabe, bwana," anatero Mawazitheka, nkhope ija ataivala kale.

"Nanga koyerekezera kali kuti?"

Mayi a Makiyi anali atakatenga kale. Anakaika pansi pa maikulosikopu mwaulemu, n'kubwerera chambuyo, manja kumbuyo. A Pulofesa anayang'ana nthawi yaitali, yaitali ndithu, kenako anaweramuka pang'onopang'ono.

"Bambo, awanso afa. Sanalaweko ndi dontho lomwe la mankhwala anu."

"Anazizidwa," anatero Mayi a Makiyi. "Chotupa chakanika madokotala dziko lonse, achimwene achipha ndi chitseko."

Suti ija sinasitidwe pachabe. Anaivala Lolemba, potsika masitepe opita kuchipinda cha mikodzo.